KODI NKOYENERA KUNAMIZA MWANA?

Pali funso limene landisautsa mtima kwa miyezi yambiri, ndipo ndaganiza zoliika pamaso pa anzanga amene ali kulera ana ang'ono monga ine, kuti tiliweruze pamodzi. Funsolo ndi ili: kodi kholo liri ndi ufulu wakunena bodza kwa mwana wake pofuna kuti mwanayo atonthole, amvere, kapena apewe ngozi? Ndidziwa kuti ambiri adzaseka pakumva funso lotere, nadzati, "Ha! Kodi kunyengerera kamwana ka zaka 3 nakonso ndi bodza?" Inenso kale ndinali kuseka comweco, kufikira tsiku limene kanthu kena kanacitika m'nyumba mwanga.

Aliyense amene anakulira m'midzi ya kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe ndi kwa Kathumba kuno ku Katete, ngakhalenso kwa Nyanje ku Sinda ndi kwa Pembamoyo ku Vubwi, adziwa bwino mau amene timalankhula kwa ana. Mwana akalira usiku timati, "Khala cete, fisi ali kuseri kwa nkhokwe." Akakana kusamba timati, "Taona, apolisi ali kubwera kudzakutenga." Amai pofuna kupita kucigayo amauza mwana kuti, "Kanditengere cikho m'nyumba," ndipo mwana akangolowa, iwo azemba. Atate pokwera njinga amati, "Usalire, ndikugulira zitumbuwa," cikhalireco m'thumba mulibe ngakhale ngwee imodzi. Koma mau amene aposa onse kumveka m'makomo mwathu ndi awa: "Ukapitiriza, ndikupereka kwa adotolo akakubaye jekeseni."

Mau otsirizawa ndinali kuwanena ine mwini, kawirikawiri ndithu, kwa mwana wanga wacisamba, mnyamata amene pa nthawiyo anali ndi zaka 5. Anali mau amphamvu, pakuti ndikangowachula phokoso lonse linali kutha, ndipo ndinali kudziyesa munthu wodziwa kulera. Tsiku lina m'nyengo ya cilimwe mwanayo anaponda msomali wadzimbiri posewera kuseri kwa nyumba, kumene tinamletsa kupitako. Sanauze munthu ali yense. Masiku atatu anayenda cotsimphina, ife nkumayesa kuti ali kusewera cabe. Usiku wacinai thupi linatentha, ndipo amai ake pomsambitsa anapeza phazi litatupa, mafinya ali tho. M'mbandakuca ndinamkweza pa njinga kunka naye kucipatala. Namwino atatsuka balalo nambaya jekeseni yoletsa kafumbata, anandiyang'ana nati, "Bambo, bala ili nla masiku anai. Munali kuti?" Ndinasowa coyankha.

Pobwerera ndinatsika pa njinga pansi pa mtengo, ndipo ndinamfunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, unabisiranji?" Iye anayankha ali cowerama, nati, "Atate, inu munati wolakwa ndiye amabayidwa. Ndinaopa." Pamenepo ndinazindikira kuti msomali unalasa phazi lokha, koma cimene cinasunga balalo masiku anai ndi lilime langa. Mwanayo anacira, ndipo tiyamika Mulungu. Koma kuyambira tsiku limenelo funso lija silinandicoke.

Tisanaweruze, tiyeni timve mbali ya iwo amene amati kunamiza mwana sikulakwa, cifukwa mau ao sali opanda nzeru. Nditapita kumudzi kukafotokozera amai anga za nkhaniyi, iwo anandimvetsera mpaka ndinatha, ndipo anati, "Mwananga, iwe ndinakulera ndi fisi yemweyo, ndipo lero ndiwe munthu. Kamwana kalibe makutu. Ukakauza kuti citsime ncakuya, mawa ukapeza kali kusuzumira momwemo. Koma ukati muli cinjoka, sikayandikirako. Nanga iwe ufuna ciani, coonadi kapena mwana wamoyo?" Funso limeneli nlolemera, ndipo munthu amene sanaikepo mwana m'manda asafulumire kulipeputsa. Amai anga sanawerenge mabuku, koma maganizo ao afanana ndi a Plato, wanzeru wa ku Greece amene anakhala zaka zoposa 2,300 zapitazo. Iye anaphunzitsa kuti bodza nloipa, komabe nthawi zina lingathe kugwira nchito monga mankhwala m'manja mwa wolamulira wanzeru, pofuna kucitira zabwino anthu ake. Mbali inayo kuli Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero lichedwa Algeria, amene ca m'ma 395 analemba buku lonena za bodza, natsimikiza kuti palibe bodza loyera, ngakhale lonenedwa pofuna kupulumutsa munthu. Tsono ife amene tiri ndi ana olira usiku, tiime ndi yani?

Ndiyesa kuti coyamba tiyenera kulekanitsa zinthu zimene zifanana maonekedwe koma ziri zosiyana, monga mai alekanitsa mphale ndi gaga m'licero. Si mau onse osacitika amene ali bodza. Ambuye akakhala pamoto madzulo nayamba nthano, ana onse amavomera kuti, "Tiri tonse." Kuvomera kumeneko ndi pangano. Wonena ndi womvera adziwa onse awiri kuti Kalulu salankhula ndiponso kuti Fisi sanapite ku ukwati, koma alowa pamodzi m'nyumba ya nthano mwa kufuna kwao, ndipo nthano ikatha aturukamo pamodzi. Apa palibe wonyengedwa. Fisi wa m'nthano aphunzitsa mwana kuipa kwa dyera. Fisi wa kuseri kwa nkhokwe angomphunzitsa kuopa mdima wa pakhomo pake pomwe.

Cinanso cosiyana ndi bodza ndico kubisa. Ziripo zinthu zimene mwana sangathe kuzisenza, monga za kubadwa kwa mng'ono wake, za matenda ena a akulu, ndi za mikangano ya m'banja. Makolo athu Acewa anadziwa kuti cinthu ciri conse ciri ndi tsiku lake, ncifukwa cake anaika cinamwali ca atsikana ndi mwambo wa anyamata, kuti zobisika ziululidwe pa msinkhu woyenera ndi anthu oyenera. Gule Wamkulu, amene timamuona pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika mwezi wa August, pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, ndiponso amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005, ali ndi zinsinsi zake, ndipo eni ake adziwa nthawi yoziphunzitsira. Kuuza mwana kuti, "Ici udzacidziwa ukakula," ndi kunena zoona. Khomo latsekedwa, inde, koma mwana wauzidwa kuti khomo liripo ndi kuti lidzatseguka. Koma kholo limene lichula zirombo pofuna kuti mwana amalize nsima yake licepsa cinthu colemekezeka, nilicisandutsa coopsezera ana.

Tsono bodza lenileni ndi liti? Ndi pamene ndiuza mwana cinthu cimene ndidziwa kuti si coona, ndi colinga cakuti iye acikhulupirire, kuti acite cimene ine ndifuna. Bodza lotere ndaona kuti liri ndi mitengo itatu imene timalipira mocedwa, ndipo cifukwa ca kucedwako timayesa kuti nlaulere.

Mtengo woyamba ndi wakuti bodza liika mantha pamalo posayenera. Mantha ndi mphatso; mwana wosaopa moto kapena galimoto za mu mseu waukulu wa Great East sakhalitsa. Koma mantha ali ngati madzi a mumgula: apita kumene mwawalozera. Ife tawalozera kwa dotolo, kwa namwino ndi kwa wapolisi, ndiwo anthu amene mwana ayenera kuthamangirako pa tsiku la tsoka. Cipatala ca St Francis cinayamba kuno ku Katete m'caka ca 1948, ndipo okalamba athu akumbukira masiku amene nthomba ndi cikuku zinali kulowa m'mudzi ndi kuturuka ndi ana. Nthomba inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi m'caka ca 1980, ndipo cimene cinaigonjetsa ndi katemera. Kodi si codabwitsa kuti kasingano kamene kanapulumutsa ana osawerengeka ndi komwe ife takasandutsa cirombo? Ndipo mantha obzalidwa paubwana sauma msanga. M'masiku a Atsamunda kunali mbiri ya anthu oyenda usiku kukoka magazi a anzao, imene inacititsa ena kuthawa acipatala. Ndipo m'caka ca 2017 mbiri yonga yomweyo, ya anamapopa, inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe m'Malawi, anthu osalakwa naphedwa. Sindinena kuti zonsezi zinacokera ku mau a amai potonthoza ana. Ndingoti munthu amene anazolowera kuyambira ali kumsana kuopa cinthu cimene sanacione, savuta kumuopseza atakula.

Bodza lotetezera liri ndi vuto linanso: limakhalabe ndi moyo cifukwa cake citafa. Ambiri a ife tinauzidwa kuti mwana wodya mazira adzadwala. Ndiyesa kuti amene anayamba mau amenewa anafuna kuti nkhuku ziswane, ana asamalize mazira m'zisa, ndipo colinga cao cinali cabwino. Koma popeza cifukwa ceniceni sicinanenedwe, mauwo anasanduka lamulo, ndipo mibadwo ya ana inamanidwa cakudya comanga thupi, nkhuku ziri mbwee pakhomo. Kufufuza kwa za umoyo kumene Boma linacita m'caka ca 2018 kunapeza kuti ana 35 mwa ana 100 osafika zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Zifukwa zake nzambiri, ndipo umphawi ndiwo ukulu. Koma m'dziko lotere dzira liri lonse lomanidwa mwana cifukwa ca mau opanda pake ndi kutaya. Cifukwa coona cikatha nchito, munthu angathe kuciona nacisiya. Bodza alibe poligwirira, pakuti palibe amene akumbukira cimene linaikidwira.

Mtengo waciwiri ndi wakuti bodza licepsa mau a kholo. Pa sukulu yaikulu ya Rochester ku America, m'caka ca 2012, aphunzitsi anayesa ana 28 a zaka zoyambira 3 kufikira 5. Ana onse analonjezedwa kuti akadikira pang'ono adzalandira zolembera zokongola. Kwa theka la anawo lonjezo linasungidwa. Kwa theka linalo munthu uja anabwera cimanjamanja napepesa. Pambuyo pake mwana ali yense anapatsidwa switi imodzi, nauzidwa kuti akapirira osaidya adzalandira yaciwiri. Ana amene anasungiridwa lonjezo anadikira monga mphindi 12. Amene ananamizidwa anadikira monga mphindi 3 zokha. Taonani, abale: anawo sanasiyane cibadwa, anasiyana pa cimene anaona kwa munthu wamkulu. Ife timadandaula kuti ana a masiku ano ngosapirira ndi osamva, osadzifunsa kuti ndi zitumbuwa zingati zimene tinalonjeza osabwera nazo.

Mau a kholo ali ngati ndalama. Tonse tikumbukira kuti kwacha yathu inafika pocepa mphamvu kotero kuti pa 1 January 2013 Boma linacotsa maziro atatu, K1,000 nisanduka K1. Pepala linali lomwelo, nambala yolembedwapo inali yaikulu, koma logula zocepa. Momwemonso kholo limene liopseza kakhumi pa tsiku ndi fisi wosabwera liyenera kukweza mau caka ndi caka kuti limvedwe, kufikira tsiku limene lidzafuula kuti, "Usapite uko, kuli njoka!" njoka iripodi, mwana nkungoseka. Pakuti mwana sakhala wa zaka 3 masiku onse. Tsiku limene adzazindikira kuti kuseri kwa nkhokwe kulibe kanthu, sadzataya fisi yekha. Adzayamba kuyesa pa sikelo mau ena onse amene tinamuuza, a za ulemu, a za sukulu, ngakhale a za Mulungu.

Mtengo wacitatu ndi umene undicititsa manyazi koposa. Mwana aphunzira ndi maso kuposa ndi makutu. Wangongole akagogoda pakhomo timanong'oneza mwana kuti, "Kawauze kuti atate kulibe." Mwanayo apita nakanena monga tamtuma, ndipo timamuyamikira kuti ngwocenjera. M'mawa mwake shuga akacepa m'citini, iye nakana kuti sanatapeko, timakwiya ndi kufunsa kuti, "Bodza limeneli waliphunzira kuti?" Waliphunzira pa sukulu ya pakhomo, ndipo mphunzitsi wake ndi amene ali kufunsayo. Tamphunzitsa kuti wamphamvu aloledwa kunama pofuna kupeza cimene afuna, ndi kuti colakwa si kunama koma kugwidwa.

Nkhaniyi yakula msinkhu m'masiku athu ano pa cifukwa cina. Lamulo la maphunziro la caka ca 2011 linaletsa mkwapulo m'sukulu, ndipo lamulo la ana la caka ca 2022 linaletsa kulanga mwana ndi kummenya. Ndamva makolo ena akudandaula kuti atilanda ndodo, tsono tilera ndi ciani? Ndiopa kuti ambiri a ife, posiya ndodo ya m'manja, tidzanola ndodo ya pakamwa, imene siisiya cipsera coti wina aone. Lamulo lingathe kuona mikwingwirima pa msana wa mwana, koma silingalowe m'nyumba usiku kudzamva zimene tiri kumnong'oneza. Pamenepo woweruza ndi cikumbumtima ca kholo cokha.

Nanga funso la amai anga lija, la citsime? Ndalilingalira masiku ambiri, ndipo yankho langa ndi ili. Mwana wa zaka 2 satetezedwa ndi coonadi kapena ndi bodza. Atetezedwa ndi civundikiro pa citsime ndi diso la munthu wamkulu. Mwana wa zaka 4 angathe kumva zambiri kuposa m'mene timaganizira. Mgwireni dzanja, pitani naye pacitsimepo, mpatseni mwala auponye, amve nthawi imene upita usanagunde madzi, ndipo mumuuze kuti munthu akagwamo saturuka. Coonadi cimeneci ncoopsa mokwanira, ndipo sicidzatha mphamvu iye akakula, koma cidzakulira pamodzi naye. Akale anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere yekha. Ndiko kunena kuti pa zinthu zosapha, mlekeni aone yekha zotsatira zake. Njira imeneyi ifuna nthawi ndi kuleza mtima, ndipo ndiyesa kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kawirikawiri sitinama cifukwa ca ngozi ya mwana, koma cifukwa ca kutopa kwathu. Bodza ndi njira yacidule ya munthu wofulumira.

Komabe sindingathe kuima ndi Augustine kufikira kumapeto. Ngati kamwana kagwira mpeni wakuthwa, kapena kaima m'mphepete mwa mtsinje wodzala, ndipo palibe cina cokabwezera koma mau osaona, nenani mauwo, mwana apulumuke. Moyo ndiwo uyamba. Koma tiwerenge bodza lotero monga ngongole yotengedwa pa tsiku la njala, imene munthu aibweza msanga: ngozi ikapita, mkhazikeni mwanayo pa miyendo ndi kumuuza cimene cinali coona. Colakwa cathu ncakuti cinthu coyenera kucitika kamodzi pa zaka zambiri tacisandutsa ndiwo za masiku onse.

Ndiyeneranso kunena mau amodzi kwa amuna anzanga. Nkosavuta kwa ine, amene nditandala mu ofesi pakati pa mapepala osalira, kulemba zotsutsa mai amene ali ndi khanda kumsana, wina akukoka citenje, mphika uli pamoto, madzi ali kutali, munda ukudikira. Mai wotere akachula fisi, sindiye woyamba kuimbidwa mlandu. Ngati coonadi cifuna nthawi, tsono wina ayenera kupereka nthawiyo, ndipo ife atate tiri nayo yambiri imene timaitaya pa bawo ndi pa mowa. Mwamuna amene afuna kuti ana ake aleredwe m'coonadi ayambe wanyamula mwana wolirayo, kuti mkazi wake apume.

M'nyumba mwathu tinapangana ndi amai a ana kuti tiyese zinthu zitatu: tisaopseze ndi cinthu cimene kulibe, tisalonjeze cimene sitidzacita, ndipo tisazembe mwana pocoka koma titsazike, ngakhale alire. Sindinganene kuti takhoza. Masiku ena ndikafika wotopa, fisi uja amafika pa nsonga ya lilime, ndipo nthawi zina amaturuka ndisanamgwire. Koma dzinja lapitali mlongo wake wa mnyamata uja, wa zaka 3, anadwala malungo, ndipo tinapita naye kucipatala kuti akamuyese magazi pa cala. Ali pa mzere anandifunsa kuti, "Atate, cipweteka?" Kale ndikadati iai. Tsikulo ndinati, "Inde, cipweteka pang'ono monga kuluma kwa linthumbu, koma ine ndidzakugwira dzanja, ndipo pambuyo pake adzakupatsa mankhwala kuti ucire." Analira ndithu pamene anambaya. Koma atatha kulira anaonetsa namwino cala cake, ndipo pofika kunyumba anakauza mlongo wake kuti atate ananena zoona.

M'mera mpoyamba, anatero akale. Idzafika nthawi imene ana athuwa adzakhala ndi zobisa zazikulu kuposa bala la msomali: mtsikana wovutitsidwa ndi munthu wamkulu panjira ya kusukulu, mnyamata wolowa m'gulu loipa, wophunzira amene walephera mayeso. Pa tsiku limenelo adzasankha kubwera kwa ife kapena kubisala, ndipo adzasankha monga mwa zimene anaphunzira ali ang'ono za mau athu. Cifukwa cake ndipempha anzanga olera ana kuti madzulo ano, mwana akayamba kulira, tiyambe tadzifunsa ngati cimene tifuna kunenaco tingakonde kuti iye adzacikumbukire ali ndi zaka 15.